Lamulo Loletsa Mpiru Kukalamba

Amene sanafikeko ku dziko la Eyabwana asadandaule, palibe chimene anataya. Koma mukadzakumana nafe paulendo mudzatizindikira pogwirana chanza. Zikhatho zathu n'zokhakhala, ndipo alendo amati ndi khasu. Si khasu ayi, ndi kuwomba m'manja. Timawomba mfumu ikamalankhula, timawomba ikatsokomola, ndipo chaka china tinawomba mpaka manja kutupa galimoto yake itadutsa pamsewu, n'kudzamva madzulo kuti munali wophika yekha akupita kuchigayo.

Mfumu yathu ndi Chikhalire Woyamba. Za Wachiwiri sitifunsa. Zaka zake palibe amazidziwa, poti kalata yake ya ubatizo inadyedwa ndi chiswe, ndipo chiswecho bwalo la nduna linachithokoza pa wailesi. Tsitsi lake ndi lakuda bii, kungoti mvula ikagwa kudako kumatsikira pakolala.

Kumunsi kwa likulu la Mpandowanga, m'mbali mwa mtsinje wa Pitapansi, kuli mudzi wa Tamvatamva. Mudziwu uli ndi dimba limodzi la anthu onse, dzina lake Tiyamike: mabanja makumi atatu, banja lililonse mabedi ake asanu, chitsime chimodzi pakati, ndi mpanda waminga woletsa mbuzi. Wapampando wa dimbali anali a Zefaniya Kamtedza, bambo wamfupi wa ndevu zosamalidwa bwino, amene ankakonda kulankhula pagulu kuposa kunyamula kheni. Wothirira mabedi awo anali mkazi wawo, NaNkhoma. Iwo ntchito yawo inali kutsegula misonkhano ndi kukana kuitseka.

Chimene chinatchukitsa Tiyamike ndi mpiru. Osati wa m'mapaketi uja ayi, koma mpiru wawowawo, wa masamba otambalala, wowawira pang'ono polawa koyamba kenako n'kukoma, woti ukautendera ngakhale wopanda mano amanyambita mbale. Mbewu yake sinkagulitsidwa pena paliponse. Inkapezeka mwa njira imodzi yokha. Chaka chilichonse, pakona ya dimba, ankasiya bedi limodzi osalithyola. Mpiru wa pamenepo unkakula kufika m'chiuno, kenako m'chifuwa, masamba n'kukhwima, n'kutuwa, n'kubooledwa ndi tizilombo, pamwamba n'kumasula maluwa achikasu. Maluwa akayoyoka pankatsala timakoko, ndipo timakokoto tikauma NaNkhoma ankatifikisa m'lichero, n'kupeta, n'kusakaniza njere ndi phulusa, n'kugawira banja lililonse m'kabotolo. Bedi la mbewu linali lonyansa kuposa onse m'dimbamo, koma ndilo linkadyetsa mudzi.

Chaka china mwezi wa Julaye kunamveka kuti Mwinidziko akubwera kudzaona dimba. Njira zinasesedwa, miyala inapakidwa laimu, kabichi anapukutidwa ndi nsalu mutu umodziumodzi. A Zefaniya analoweza mawu olandirira mfumu kwa sabata ziwiri, akuyeserera pamaso pa mbuzi. Za bedi la pakona palibe anakumbuka. Chinthu chimene umachiona chaka ndi chaka maso amasiya kuchiona.

Mfumu inafika itagwiridwa mkono uku ndi uku, osati chifukwa chofooka, monga inatsindikira wailesi, koma chifukwa nduna zimaikonda. Inayamikira repu. Inagwedezera mutu anyezi. Kenako inaloza pakona ndi ndodo.

"Nanga izo zitalizitalizo, zotuwazo, n'chiyani?"

Mtima wa a Zefaniya unadumpha ndi chimwemwe. Funso limeneli munalibe m'ndondomeko, ndiye unali mwayi woonetsa kuti nzeru ali nazo zawozawo.

"Umenewo ndi mpiru wokalamba, Mwinidziko. Ntchito yake inatha kale, palibenso amauthyola. Tikungodikira kuti uume, tiuzule, ana ake alowe m'malo. Chaka chilichonse timatero. Ukakakamira pabedi umangotha manyowa a anzake."

Ngakhale achule a pachitsime analeka kulira. Nduna yaikulu, a Gwadani, anayang'ana nsapato zawo. Mfumu inakweza dzanja n'kukhudza tsitsi lake pang'onopang'ono, ndipo m'pamene a Zefaniya anamva okha zimene zinatuluka pakamwa pawo. Thukuta linawatuluka mu Julaye.

"Ndikutanthauza kuti ndi kulakwitsa kwathu, Mwinidziko! Ndi ulesi wa anthu angawa! M'dziko lanu lino mulibe chinthu choyenera kukalamba. Ndiwo yabwino ndi yokhala yanthete mpaka kalekale!"

Atatero analumphira m'bedi la mbewu ndi suti yawo yomwe, n'kuyamba kuzula ndi manja awiri. Maluwa achikasu anawazika m'ndevu. NaNkhoma anaima chapatali ndi kheni m'manja, akuona mbewu ya chaka chamawa ikuponyedwa kunja kwa mpanda kumene mbuzi zinali kudikira. Ife tonse amene tinalipo tinawomba m'manja.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa a Zefaniya unawatsata ndi kalata ya chidindo, yowaitanira kubwalo la nduna. Ananyamula bulangete ndi mswachi, natsazika NaNkhoma ngati munthu wosabwerako. Atafika ku Mpandowanga anapeza mawu awo aja atalembedwa pansalu yaikulu pamwamba pa khomo: M'DZIKO LINO MULIBE CHOYENERA KUKALAMBA.

"Mawu a mlimi uyu ngozama," anatero a Gwadani potsegula bwalo. "Kwa zaka zambiri ndiwo zamasamba zakhala zikupereka chitsanzo choipa kwa anthu athu, ife osadziwa. Mwana akamaona mpiru ukukula, n'kukalamba, n'kusiyira unzake malo, aganiza chiyani akakula?"

"Aganiza zoukira!" nduna zinayankha pamodzi.

Bwalo linakhala masiku anayi. Nduna ya Zanyengo inafunsa ngati tomato akafiira ndiye kuti wakalamba kapena wangokondwa, ndipo funso lokhali linadya masiku awiri ndi mbuzi zitatu. Anagwirizana kuti wofiira mbali imodzi ngwokondwa, koma wofiira monse ngwokayikitsa. Nkhwani anaulola, koma dzungu analitcha nkhalamba yobisala pansi pa masamba. Anyezi anapulumuka chifukwa panalibe nduna yodziwa kuti naye amachita maluwa. Pomaliza lamulo linawerengedwa: palibe ndiwo idzaloledwe kukalamba m'dziko la Eyabwana, ndipo mpiru, poti ndiwo unayambitsa, usadzaonekenso ndi duwa. Mudzi umene mudzapezeke tsinde limodzi lokalamba, mpanda uliwonse wa m'mudzimo udzagwetsedwa ndipo chomera kuseri kwake chidzazulidwa.

A Zefaniya sanamangidwe. Anapatsidwa udindo wa Woyang'anira Wamkulu wa Unthete wa Ndiwo, jekete ya khaki, wenzulo, ndi njinga ya belu. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anali nawo, monga mwa nthawi zonse. Anapempha kuti m'lamulomo awonjezere kuti palibe wina aliyense, kaya msilikali kaya nduna, angaweruze kuti ndiwo yakalamba, koma Woyang'anira yekha ndi maso ake. Sankafuna kugawana ulemerero ndi munthu. Nduna zinavomera mwamsanga poti inali nthawi ya chakudya.

Anafika kunyumba akuliza belu kuchokera kumsewu.

"Mayi a Lute, mwaiona njinga?"

"Ndaiona," anatero NaNkhoma osadzutsa mutu pamtondo. "Chaka chamawa tidzafesa masipoko akewo."

Chilimwe chinafika ndi dzuwa lake, chitsime chinatsika, ndipo anthu ankathirira kawiri pa tsiku monga kale. Chosintha chinali kumsika wa Nong'onezani. Tomato ankagulitsidwa wobiriwira, therere ankalithyola lisanafike msinkhu wa chala cha mwana, ndipo maungu anasowa. Mai Nagama, mnzake wa NaNkhoma wa bedi loyandikana, anali ndi benchi pafupi ndi khomo la msika.

"Mayi, tomato wanuyu bwanji ali gwa chonchi?" wogula wina anafunsa.

"Ngwachinyamata, achimwene. Mukam'phike mwaulemu, mwina afewa."

"Nanga maungu?"

"Maungu ife sitiwadziwa. Inu munawaonapo?"

"Ine? Ayi. Ndimangomva kwa anthu."

"Anthu ake ati?"

"Anasamuka."

Belu likamveka, onse ankasiya zonong'onazo. A Zefaniya ankatsika panjinga, n'kuyendera mabenchi manja ali kumbuyo, n'kutola therere limodzi lotalikirapo, n'kuliyang'ana ndi chisoni, n'kuliza wenzulo. Msika wonse unkawomba m'manja, ndipo mwini therereyo ndiye ankawomba kwambiri. Tisabise, a Zefaniya ankamva kukoma. Munthu amene kale mbuzi zokha ndizo zinkamumvetsera mpaka kumapeto, tsopano akatsokomola anthu ankavula zipewa.

Dzinja litafika anthu anakwera kuminda, ndipo mwamwayi bwalo linali litagamula kale kuti chimanga si ndiwo. Kudimba madzi anasefukira, ndipo m'mizere, m'njira, ngakhale pakhomo pa ofesi ya Woyang'anira, panamera bonongwe, chisoso ndi luni. Zinamera zosafesedwa, zinachita maluwa zosapempha, zinamwaza njere zake masana dzuwa likuswa mtengo. A Zefaniya analemba lipoti la masamba asanu ndi awiri. Bwalo linayankha kuti zimenezo ndi ndiwo zosaphunzira, lamulo silizifikira. Dziko lonse linadya ndiwo zosaphunzirazo miyezi itatu, n'kunenepa.

Vuto linaoneka kumapeto kwa Malichi, nthawi yofesa mpiru. Bedi la mbewu linali litadyedwa ndi mbuzi, ndipo zotsala m'timabotolo anthu anali atafesa m'chilimwe. Mabanja makumi atatu atakhuthula timabotolo tawo pansalu imodzi, njere zonse zinangokwana masupuni awiri a tiyi. Likulu linatumiza mapaketi a Mpiru Wosakalamba, okhala ndi nkhope ya mfumu kutsogolo. Anafesedwa mwamwambo, gulu la ovina lilipo, koma sipanamere ngakhale kamodzi. A Gwadani analengeza kuti uku ndi kupambana kwa sayansi, poti chimene sichinamere sichingakalambe.

NaNkhoma anafesa masupuni awiri aja panazale ndi manja ake, nawaphimba ndi udzu. Mbewu yogonera siichedwa kufooka, ndipo inamera yosakwana theka. Tsiku lina akuthirira, mwamuna wawo ataima pambali ndi jekete yake, anawauza mosakweza mawu.

"Bambo a Lute, iyi ndiyo yomaliza. Ikapanda kubereka chaka chino, ana a Lute adzangomva kuti kunali mpiru."

"Lamulo ndi lamulo, mayi a Lute."

"Ndamva, bwana Woyang'anira."

Zaka makumi atatu ali pabanja NaNkhoma anali asanawatchepo bwana. Mawuwo anawabaya a Zefaniya kuposa mwano, ndipo tsiku limenelo anayenda panjinga osaliza belu.

Nthawi yowokera itafika, mbande zimene zinalowa m'mabedi zinali zochepa kuposa zimene zinali panazale, koma Woyang'anira sankawerenga mbande. Anazipeza m'mawa wina mu Meyi, akupita kukasamba. Bafa lathu kuno ndi kampanda kaudzu kuseri kwa nyumba, kopanda denga, kokhala ndi mwala wopondapo, ndipo madzi onse amatsikira pakona imodzi. Pakona imeneyo, m'bafa la Woyang'anira Wamkulu wa Unthete wa Ndiwo, panali matsinde atatu a mpiru, onenepa, osathyoledwa ngakhale tsamba limodzi.

A Zefaniya anatsegula pakamwa kuti aitane, koma sopo anawalowa m'maso. Tsiku lotsatira anawalowanso. Mwezi wonse wa Meyi sopo anali waukali kwambiri. Mpiru unafika m'chiuno, unafika m'chifuwa, ndipo mu Juni unamasula maluwa. Iwo anayamba kusamba atatembenukira kwina. Ankaopa, poti ankadziwa chimene chingachitike zitamveka kuti nkhalamba zitatu zikubisala kwa Woyang'anira mwiniwake. Koma madzi otsala m'ndowa ankawakhuthulira pakona pomwepo, mwangozi, m'mawa uliwonse. Ndipo tsiku lina anadzipeza akuchotsa nsabwe za m'masamba ndi chala, ali maliseche, akung'ung'udza nyimbo.

Ankaganiza kuti nyumba yawo yokha ndiyo yalakwira mfumu. Mwamuna aliyense wa ku Tamvatamva ankaganiza chimodzimodzi. Pabawo ankakhala chete, aliyense akunamizira kuti sakuona kaduwa kachikasu kamene kamatirira pakhosi pa mnzake. Amayi okha ndiwo ankadziwa zonse. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Anaulula ndi njuchi. Pakati pa Julaye a Gwadani akudutsa pagalimoto anaona njuchi zikulowa ndi kutuluka kuseri kwa nyumba iliyonse. A Gwadani anali munthu wogwada, koma sanali wopusa. "Njuchi sizipita kubafa kukasamba," anatero, ndipo m'mawa mwake anatumiza Sajeni Dzoole ndi asilikali awiri kuti aperekeze Woyang'anira kuyendera mabafa onse a m'mudzi.

M'mawa umenewo, a Zefaniya akumanga mabatani a jekete, NaNkhoma anali kuwaza gaga pabwalo. "Masiku khumi okha," anatero, akuuza nkhuku. "Masiku khumi timakoko tiuma."

Anayambira kwa mai Nagama. Tsono kwathu kuno tili ndi mwambo umodzi umene ngakhale bwalo la nduna silinaukhudzepo: munthu salowa m'bafa osaodira, ndipo akayankhidwa kuti muli anthu, kaya ndi mfumu, amabwerera. Sajeni anaima pakhomo la bafa.

"Odi m'bafamo!"

"Muli anthu!" anayankha mai Nagama, madzi n'kumveka khwaa.

Anapita nyumba yachiwiri. Muli anthu. Yachitatu, muli anthu. Pa yachisanu a Zefaniya anaona nsonga yachikasu ikusuzumira pamwamba pa udzu, ndipo dzanja lonyowa linatuluka n'kuikokera pansi. Apo anazindikira kuti si nyumba yawo yokha. Anagwidwa ndi mantha ndi manyazi pokumbukira kuti onsewa anawawombera m'manja kumsika dzulo lomwe. Analemba m'buku lawo kuti munali anthu, ndipo anapitiriza kulemba chomwecho mpaka nyumba ya makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

"Mudzi uno ngwaukhondo," anatero Sajeni Dzoole. "Yatsala yanu, bwana."

A Zefaniya anayenda pang'onopang'ono, akupemphera kuti amve madzi akukhwaza. Koma NaNkhoma kuyambira m'mamawa anali kutungira anzake madzi, nyumba ndi nyumba, kuti khwaa uja asathe, ndipo anachedwa. Anakumana naye pabwalo penipeni, ndowa ili pamutu, asilikali akumuona. Mwana wawo Lute anali atakwatiwa kale kutsidya la mtsinje. M'nyumbamo munalibe wina. Kubafa kunkangomveka njuchi.

"Pano ndiye mulibe anthu, bwana," anatero Sajeni. "Tsogolani."

Kuchokera pamene anaima kufika kubafa panali mapazi khumi, ndipo a Zefaniya anaganiza zambiri pa mapazi amenewo. Akalowa n'kuona, ndiye kuti aweruza, ndipo pofika madzulo mipanda makumi atatu ikhala pansi, mpiru wonse n'kuzulidwa utatsala masiku khumi. Anakumbukira mbuzi zija za chaka chatha zikutafuna maluwa kunja kwa mpanda. Anakumbukiranso njinga, tisanamizane, ndi belu lake.

NaNkhoma anadutsa pakati pa asilikali, natula ndowa pakhomo la bafa.

"Madzi anu awa, bambo a Lute. Lero munachoka osasamba."

A Zefaniya anayang'ana ndowa, nayang'ana mkazi wawo. Kenako ananyamula ndowayo n'kulowa. Jekete ya khaki inaoneka ikukolekedwa pamwamba pa mpanda. Anatsatira malaya, kenako buluku, kenako wenzulo. Sajeni anayang'ana asilikali ake, nakonza kukhosi.

"Odi, bwana?"

"Muli anthu!" anayankha a Zefaniya.

Sajeni Dzoole anatulutsa pepala la lamulo n'kuliwerenga kawiri. Woweruza ndiwo ndi Woyang'anira yekha, ndi maso ake. Woyang'anira akusamba. Sajeni anatumiza msilikali mmodzi ku Mpandowanga kukafunsa, ndipo bwalo litafufuza mabuku onse linapeza kuti palibe lamulo lonena kuti munthu asambe nthawi yaitali bwanji. Linakhazikitsa komiti. Padakali pano Sajeni analamulidwa kudikira.

Anadikira. Asilikali ankafika dzuwa likutuluka n'kupeza zovala zili kale pampanda, ndipo ankaweruka dzuwa likulowa zovala zikadali pomwepo. Poti kuyendera sikukanatheka popanda Woyang'anira, amayi ena aja anatuluka m'mabafa awo n'kubwerera kudimba kukathirira. Munthu mmodzi ankasambira mudzi wonse.

Amene amaudziwa mwera wa Julaye sangafunse kuti zinali bwanji. Mphepo inkalowa m'mipata ya udzu ngati yatumidwa. A Zefaniya ankanjuta pamwala atakumbatira maondo, mano akugundana, akuyang'ana timakoko tikusintha mtundu pang'onopang'ono ngati tikuchitira dala. Kukakhala chete kwambiri Sajeni ankafuula kuchokera pamthunzi wa mango, "Bwana, sindikumva madzi!" ndipo iwo ankatunga ndi chikho n'kudzithira, n'kubuula dzina la amayi awo. Masiku atatu oyamba NaNkhoma ankabweretsa madzi ochokera kuchitsime mwachindunji, ozizira ngati mwala. Tsiku lachinayi ndowa inabwera ikufuka nthunzi, ndi mbatata ziwiri zootcha zokulunga m'tsamba. A Zefaniya analira m'menemo, ndipo ulendo uno sanamunamizire sopo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Sajeni anatuma asilikali ake kukagula fodya, nasendera pafupi ndi mpanda.

"Bwana," ananong'ona, "mukamaliza kusambako, mundisungireko pang'ono m'kapepala. Akazi anga ali ndi kabedi kamodzi kuseri kwa nyumba za asilikali. Wa m'paketi uja unatiliza."

"Sindikudziwa zimene ukunena, Sajeni."

"Nanenso sindikudziwa, bwana. Theka la supuni likwana."

M'mamawa wa tsiku la khumi ndi chimodzi, asilikali asanafike, amayi anadula matsinde m'mabafa onse makumi atatu, ndipo malichero anamveka tsetsetse kuseri kwa nyumba iliyonse. Dzuwa litakwera, a Zefaniya anatuluka atavala jekete yawo, akutsokomola, khungu la m'manja ndi kumapazi litachita makwinya, msana utapindika chifukwa chonjuta.

"Bwana, koma ndiye mwakalamba," anatero Sajeni.

"Tsitsa mawu, iwe."

Anayendera mabafa onse tsiku lomwelo, ndipo Woyang'anira ndi maso ake sanapezemo kanthu koma miyala ndi zinkhupule. Mudzi wa Tamvatamva unalandira chikho cha ukhondo. Banja lililonse linadzaza kabotolo kake, ndipo kapepala kena kanalowa m'thumba la yunifolomu.

Chaka chotsatira, Julaye yemweyo, Mwinidziko anabweranso kudzaona dimba. Ulendo uno anamunyamula pampando, poti chikondi cha nduna chinali chitakula. Mabedi onse anali obiriwira ndi mpiru wa Tiyamike, ndipo pakona paja panali posesa bwino. NaNkhoma anaphika wotendera. Mfumu inadya pang'onopang'ono ndi nkhama zake, mpaka kupukuta mbale ndi chala. A Gwadani analankhula ola lathunthu kuti apa umboni waoneka: chaka chonse palibe mpiru wakalamba, koma taonani mpiru.

Atatha, mfumu inakodola a Zefaniya kuti asendere pafupi. Anagwada pambali pa mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiona nkhope yake chapafupi. Anali munthu wotopa, wa maso amadzi. Inalankhula motsitsa, osati mawu a pawailesi aja.

"Iwe mlimi. Zotuwa zija, zitalizitali zija, kulibenso?"

"Kulibe, Mwinidziko."

"Nanga uwu ndadyawu wachokera kuti?"

A Zefaniya anatembenuka. Mabanja makumi atatu anali pamenepo, ndi Sajeni Dzoole, ndi ife ena tonse, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wosadziwa yankho. A Zefaniya ankalidziwa kuposa onse, poti analikhalira pamwala masiku khumi ndi limodzi. Mfumu inkadikira, ndipo m'maso mwake munalibe ukali. Inkaoneka ngati munthu wofuna kuti wina amuuze chinthu chimene akuchidziwa kale. NaNkhoma anayang'ana mwamuna wake. A Zefaniya anaweramitsa mutu.

"Ndi nzeru zanu, Mwinidziko."

Mfumu inatsegula pakamwa kuti inene kena kake. Chimene inkafuna kunena sitidzachidziwa, chifukwa tinali titayamba kale kuwomba m'manja, ndipo a Zefaniya ndiwo ankawomba kwambiri.

Lamulo lija lilipobe, ndipo mpiru uliponso. A Zefaniya akadali Woyang'anira, ndipo Julaye aliyense amasamba masiku khumi ndi limodzi. NaNkhoma anawalukira chipewa chaubweya cha ntchito imeneyi. Inu mukadzabwera ku Eyabwana musadzavutike kutifunafuna kubwalo kapena kumsika, kumeneko mudzangopeza manja. Mudzazungulire kuseri kwa nyumba, mudzaodire pakampanda kaudzu, ndipo mukadzamva kuti muli anthu, mudzakhulupirire. M'dziko lathu lonseli ndi m'menemo mokha.